Chijeremani Changa ndi Tebulo la Akamwini

Chijeremani ndinachiyamba nditapuma kale pantchito ya uphunzitsi, imvi zili mbuu kumutu. Sindinachiyambe chifukwa chochikonda ayi. Mwana wanga wamkazi, mmodzi yekhayo amene Mulungu anandisiyira, anapita ku Jeremani kukaphunzira unamwino, ndipo patatha zaka zingapo anandiimbira foni kuti wapeza banja. Mwamunayo anali wa komweko, mmisiri wokhoma madenga, ndipo Chingerezi ankangochilawa. Ukwati anali atalembetsa kale kuboma la kumeneko. Anati abwera naye mwezi wa Ogasiti kuti ndidzamuone.

Ndinakwiya, sindibisa. Mwana kukwatiwa mayi ake ali moyo, mayiwo n'kumva pafoni ngati uthenga wa maliro! Ndinamukalipira mpaka mayunitsi ake anatha. Koma mkwiyowo sunagone masiku ambiri. Chimene chinatsala ndi mantha. Ndawaona ana a anthu kuno ku Rumphi. Akangopita kunja amaimba Lamulungu lililonse. Akakwatiwa amaimba pa Khirisimasi. Kenako mumangomva kwa ena kuti ali ndi ana atatu amene sanapondepo kwa agogo awo. Ulendo woyamba ndi umene umagamula zonse. Mwamuna akasangalala kwa apongozi amabweranso, mkazi wake n'kumabwera naye. Akanyansidwa, basi, mwana wako wapita. Ine ndinalibe wina wotsala pakhomo.

Panalinso china. Mwana wanga ndimamudziwa, ndi wokonza mawu kuyambira ali wamng'ono. Ukamutuma kwa oyandikana nawo kuti akawauze kuti mbuzi zawo zandithera mpiru, iye amakafika n'kunena kuti amayi akupereka moni. Ndiye munthu wotereyu akhale womasulira pakati pa ine ndi mwamuna wake? Ndinati ayi, ndidzimvera ndekha.

Chilankhulo chachilendo sichinandiopse kwenikweni. Ine kwathu ndi ku Dedza. Kuno ndinabwera potsatira malemu amuna anga, Mtumbuka amenenso anali mphunzitsi, nthawi imene aphunzitsi a kumpoto anabwezedwa kwawo, ndipo matipate atabwera tinamanga nyumba ku Njakwa, chapafupi ndi msewu. Chitumbuka ndinachitola kumsika ndi kutchalitchi, anthu akundiseka, mpaka kuseka kunawathera. Ndinaganiza kuti Chijeremani chikhalanso chimodzimodzi. Kusiyana kwake kunali koti ku Njakwa kulibe msika wa Ajeremani.

Safunsa anadya phula. Nditafunsafunsa anandilozera kwa bambo ena achikulire amene ali ndi katiyirumu m'mbali mwa msewu. Iwowa anagwira ntchito zaka zambiri ku Chelinda, kuperekera zakudya kwa alendo obwera kudzaona nyama, ndipo Chijeremani anachitola patebulo. Anali ndi kabuku kopanda chikuto kamene mlendo wina anakasiya m'chipinda. Tinagwirizana kuti ndizipita Lachiwiri ndi Lachisanu masana, akumwa tiyi akachepa.

Monga munthu amene ndagwira choko zaka zonsezo, ndinene chilungamo: bambo aja kuphunzitsa sankakudziwa. Analibe poyambira, analibe pothera. Lero akuphunzitsa supuni ndi foloko, mawa akukamba za mlendo amene anagwa pa hachi. Ukafunsa chifukwa chake mawu akusintha chonchi, akuti, "Amama, amangotero basi." Chijeremani chawo chonse chinali cha patebulo: mwagona bwanji, muli ndi njala, ndiwonjezere khofi, kunja kukuzizira. Tsiku lina ndinawauza kuti akanakhala m'kalasi mwanga akanabwereza sitandade wani kawiri. Anaseka mpaka kutsokomola, nati, "Yewo aphunzitsi, koma lero amene akubwereza ndinu."

Ananena zoona. Pali mawu ena amene amatulukira kukhosi, ngati munthu akuchotsa munga wa nsomba, ndipo ine anandikana sabata zitatu. Madalaivala omwa tiyi ankatembenuka n'kufunsa ngati ndatsamwa. Kenako ndinamva kuti kwa Ajeremani tebulo ndi lamuna, chitseko n'chachikazi, ndipo uyenera kuloweza chilichonse ndi mtundu wake. Ndinatseka kabuku kaja ndi mkwiyo n'kupita kunyumba osatsanzika. Lachisanu ndinabwereranso.

Ndinagula kope, n'kulijambula mizere monga ndinkawalamulira ana. Ndinamata timapepala pa chitseko, pa mpando, pa ndowa, pa zenera, mpaka amayi anzanga a kumpingo atabwera kudzacheza anayang'anana, poganiza kuti katundu ndamuika pamalonda. M'mawa nkhuku ndinkazipatsa moni wa Chijeremani powaza madeya. Pothirira kudimba ndinkawerenga mabedi: eins, zwei, drei. Mutu wa nkhalamba ndi lichero lobooka, umathira khumi n'kutsala awiri, koma awiriwo amatsaladi. Pofika Julayi ndinkatha kupereka moni, kuwerenga mpaka zana, kutchula masiku a sabata, kutchula abale, ndi kufunsa munthu ngati ali ndi njala. Kumva ndinkamva munthu akamalankhula pang'onopang'ono. Mwana wanga sindinamuuze kalikonse.

Kutatsala masiku awiri kuti alendo afike, kunabwera alamu anga kuchokera ku Mlowe, atanyamula nsomba zowamba m'dengu. Iwowa ndi mlongo wawo wamkulu wa malemu amuna anga, ndipo mwana wanga amawatchula kuti Ankhazi. Ndiyenera kunena kuti mayi ameneyu ndi ndani kwa ine. Amuna anga atamwalira, abale ena anabwera ndi maganizo oti mkazi wa ku Dedza abwerere ku Dedza, nyumba itsale. Alamu anga anakhala pakhomo, miyendo atatambasula, n'kunena kuti wofuna kulowa ayambe wawadumpha. Palibe anadumpha. Nyumba imene ndikukhalamo lero ndinaisunga chifukwa cha iwo.

Tinakhala pakhonde kukonza za alendo. Alamu anati, "Mlamu, mzungu ameneyu akaone kuti mwana anamutenga kwa anthu, osati kutchire. Ulemu wonse uperekedwe, pasatsale kanthu." Ine ndinavomera ndi mtima wonse, sanandikakamize.

Ulemu umene ankanenawo ndi uwu. Kwathu, ndiponso kuno, mayi ndi mwamuna wa mwana wake amaopana. Sadyera pamodzi, sayang'anana m'maso, sagwirana chanza, ndipo akakumana panjira wina amapatuka. Mayi anga anakhala zaka zonse osatafunapo kanthu pamaso pa amuna anga, chonsecho ankawakonda kuposa ana awo obereka. Ndikudziwa kuti m'matauni ambiri anazisiya. Koma kwa ine kumuopa munthu chonchi kunali kumuuza kuti: inu si mnyamata wongodutsa, ndinu mwamuna weniweni wa mwana wanga. Ndinalibe mphatso ina yoposa imeneyo. Ndiye ndinakonza ziwiri, Chijeremani ndi ulemu, osaganizapo n'kamodzi komwe kuti ziwirizi zingathe kupondana.

Anafika Lolemba masana pa galimoto yahayala. Mwana wanga anatsika n'kundithamangira, tinalira monga amalirira anthu. Kenako anatsika akamwini: munthu wamtali, wa manja akuluakulu okhakhala, nkhope itafiira ndi dzuwa. Ine ndinabwerera m'mbuyo, n'kukhala pansi chapatali pafupi ndi nkhokwe, nkhope nditalozetsa kumbali, ndipo ndinatulutsa zimene ndinayeserera miyezi isanu.

"Guten Tag. Willkommen." Ndiko kuti moni, takulandirani.

Mwana wanga anakuwa, "Amayi! Mwazitenga kuti zimenezi?" Akamwini anasangalala zedi. Anaponya chikwama pansi n'kubwera molunjika kwa ine, manja atatambasula, akulankhula mawu ambirimbiri othamanga amene sindinagwirepo ngakhale amodzi. Ndinaona kuti munthuyu akufuna kundikumbatira. Mayo ine! Ndinadzuka ngati mtsikana n'kuzungulira kuseri kwa nyumba. Ndili kumeneko ndinamva alamu akuti, "Yewo chomene, mlamu," ndipo ndinadziona kuti ndachita bwino.

Masiku atatu otsatira ndinagwira ntchito imene sindinaigwirepo chiyambire. Ndinapha tambala wamkulu, nthutumba n'kuwaikira akamwini pamwamba pa mbale monga timachitira ndi mlendo wolemekezeka. Ndinaphika mpunga wonunkhira, nsomba za alamu, nyemba, mbatata zokazinga. Madzi osamba ankafika otentha m'mawa uliwonse. Chakudya ankadyera patebulo la pabalaza, iwo ndi mkazi wawo, ine ndi alamu tikudyera kukhitchini. Mbale ndinkazipereka pakhomo kudzera kwa mwana wanga, ndipo ndili kuseri kwa chitseko ndinkaponya Chijeremani changa: "Guten Appetit," mudye bwino. Iwo ankayankha kuti danke, zikomo, n'kuwonjezera mawu ena, koma ine ndinali nditachoka kale.

Nthutumba ija inabwerera yosakhudzidwa. Alamu anaiyang'ana, ine ndinaiyang'ana, tinangoti mwina kwawo sadya.

Lachiwiri akamwini anabwera kukhitchini atanyamula mbale, akufuna kutsuka. Mwamuna, mlendo, mkamwini, kukhitchini kwa apongozi! Ndinatulukira khomo lakuseri n'kuitana mwana wanga kuti adzawachotse. Lachitatu m'mawa ndikuchokera kumjigo ndinawaona akubwera m'kanjira komweko, akumwetulira, dzanja atakweza. Ndinapatukira m'munda mwa chinangwa ndi ndowa yanga kumutu, n'kuima chowafulatira mpaka anadutsa. Ndinamva mapazi awo ataima kanthawi kumbuyo kwanga, kenako anapitirira. Madzulo ake anakwera padenga la khitchini n'kukonza malata amene ankadontha kuyambira chaka chatha, popanda wowatuma. Ndinathokoza kudzera kwa mwana wanga. Mumtima ndinkati, munthu uyu ndi wabwino, Mulungu wandikumbukira.

Mwana wanga anayesa kundichenjeza, ndisamunamizire. Kawiri konse anati, "Amayi, bwerani tidyere pamodzi, kwawo sizitero." Ndinamuyankha kuti kuno si kwawo, ndiponso kuti asandiphunzitse mwambo ine amene ndinamubereka. Ndikamufunsa kuti akamwini akuti bwanji, ankati akuti zonse zili bwino, chakudya n'chokoma.

Lachinayi m'mawa ndinali kuseri kwa nyumba ndikusankha nyemba, pansi pa zenera la chipinda chawo. Sindinapite kukamvetsera, pamenepo ndi pamene pamafika dzuwa nthawi yozizira. Ankalankhula Chijeremani momasuka, podziwa kuti ine ndimangodziwa moni ndi za patebulo. Akamwini ankalankhula pang'onopang'ono, monga amalankhulira munthu wotopa, ndipo kwa nthawi yoyamba chibwerereni ndinamva chiganizo chathunthu.

"Deine Mutter mag mich nicht."

Mawu onsewo anali m'kope langa. Amayi ako. Kukonda, monga amafunsira mlendo ngati amakonda khofi. Ine. Ayi. Amayi ako sandifuna.

Nyemba zinaima m'manja. Mwana wanga anayankha mothamanga, sindinamve. Iwo anabwerezanso, kenako ndinatola mawu apa ndi apo: masiku atatu, tebulo, mawa, galimoto, kupita. Pambuyo pake ndinamva mwana wanga akufwenthera.

Miyezi isanu ndinavutika kuti ndidzimvere ndekha, ndipo chinthu choyamba chimene ndinadzimvera chinali chimenecho. Ndinamva kuwawa, ndinamvanso mkwiyo. Tambala wanga, madzi otentha, kuima m'chinangwa ndi ndowa kumutu ngati wamisala, zonsezo munthu n'kuziwerenga kuti ndi chidani!

Akamwini atatuluka kupita kumsewu, ndinamuitana mwana wanga kuseri konkuja.

"Mawa mukupita kuti?"

Anandiyang'ana, maso ali psu. "Mwamva?"

"Ndamva. Iwe unali kuti osawauza kuti uwu ndi ulemu?"

"Ndawauza, Amayi! Ndawauza kakhumi. Akuti ndikungokonza mawu kuti asakhumudwe. Akuti munthu amene amakukonda sakuthawa ngati uli ndi khate." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje chimene ndinamupatsa. "Inu ndikakuuzani simumva, iwo ndikawauza sakhulupirira. Ndatopa kuima pakati. Mawa tipita ku Chelinda, tikakhale kumeneko masiku otsalawa, kenako tizipita. Ulendo wina ndidzabwera ndekha, ndikadzapeza mpata."

Ndikadzapeza mpata. Mawu amenewo ndawamva m'makomo ambiri, ndipo ndikudziwa kumene amathera.

Silinali tsiku la phunziro, koma ndinavala nsapato n'kupita kutiyirumu kuja. Ndinawapeza bambo aja akutsuka makapu. Ndinawafotokozera zonse, n'kuwauza kuti andipatse mawu a Chijeremani onena kuti kwathu mpongozi amaopa mkamwini chifukwa chomulemekeza. Anakanda kumutu. Tinatsegula kabuku kaja, tinapeza za kusiteshoni ya sitima, za kwa dokotala, za kugula nsapato. Za apongozi munalibe.

"Amama," anatero, "ngakhale mawuwo tiwapeze, mukawanenera kuti? Kuseri kwa chitseko?"

"Nanga ndikawanenere pati?"

"Ine anthu amenewa ndawaperekera chakudya zaka zambiri. Akakondana amakhala tebulo limodzi, n'kumayang'anana m'maso. Akayambana, wina amapempha kuti chakudya chake chipite kuchipinda. Ife operekera tinkadziwira pamenepo kuti banja ili lavuta. Inu mwamudyetsa munthu yekha masiku atatu."

"Sanali yekha, anali ndi mkazi wake."

"Mkazi wake amadya naye kwawo tsiku lililonse. Ulendo wonsewu wadzera inu."

Ndinawauza kuti zimene akunenazo n'zosatheka, kuti mayi anga akanamva akanadzuka kumanda, ndiponso kuti alamu anga ali pakhomo. Iwo anangotenga kapu ina n'kuyamba kuipukuta. "Ndiye asiyeni apite," anatero. Ndinawatukwana mumtima njira yonse yobwerera.

Nkhomaliro ya tsiku limenelo inali mpunga ndi nyemba zomwe zija. Ndinapakula mbale za patebulo, mwana wanga anadzatenga. Ndinapakula ya alamu n'kuwapatsa. Ndinapakula yanga, n'kuima nayo m'manja.

"Khalani pansi, mlamu," alamu anatero, akundisunthira mpando wachikumba.

Ndinati, "Alamu, ine ndikukadyera uko."

Sanamvetse msanga. Atamvetsa anaika mbale yawo pansi. "Mlamu, mwapenga? Pamaso pa mkamwini? M'nyumba ya mlongo wanga?"

"Akupita mawa. Akuti ndimadana nawo."

"Apite! Akaphunzire mwambo, adzabwerenso. Ndi iye wobwera, si ife."

"Sadzabweranso, alamu. Mwananso sadzabwera."

"Mukalowa mmenemo," anatero, "ine mwandichotsa pakhomo pano."

Ndinawayang'ana. Mayi ameneyu anandisambitsa pamaliro a amuna anga pamene manja anga ankakana kugwira sopo. Ndinafuna kupeza njira yoti onse awiri akhale, koma mapanga awiri avumbwitsa. Ndinatuluka ndi mbale yanga.

Kuchokera kukhitchini kufika pabalaza ndi mapazi khumi ndi awiri okha. Nditalowa, onse awiri anasiya kudya. Akamwini anayamba kudzuka, mwina poganiza kuti ndikufuna atuluke. Ndinakoka mpando woyang'anana nawo n'kukhala. Ndinaika mbale patebulo. Kenako ndinachita chinthu chovuta kuposa zonse: ndinakweza nkhope n'kuwayang'ana m'maso. Anali ndi maso otuwa, ndi kachipsera pachikope. Masiku anayi munthu ali m'nyumba mwanga, nkhope yake ndinali ndisanaione bwinobwino.

Mwana wanga anatsegula pakamwa kuti ayambe ntchito yake. Ndinamuuza m'Chichewa kuti akangolankhula ndimutulutsa.

Chijeremani chonse chinathawa. Masiku a sabata, manambala, zonse zinabalalika. Ndinatola zimene zinatsala.

"Ich esse hier," ndinatero. Ndidyera pano.

Akamwini anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Sie sind gut." Ndinu wabwino. Ndinaloza kudenga la khitchini, ndinaloza mwana wanga. Ndinafuna kunena za mayi anga, za ulemu, za chinangwa chija, koma mawu ndinalibe. Ndinadzigwira pachifuwa n'kunena mawu amene ndinawaphunzira pa tsamba la kwa dokotala: "Angst." Mantha. Kenako ndinawonjezera, "Ein Kind." Mwana mmodzi. Ndinakweza chala chimodzi kuti asakayike. "Morgen nicht gehen. Bitte." Mawa osapita, chonde.

Ndikudziwa kuti chinali Chijeremani chothyokathyoka, chimene ine mwini ndikanachilemba ndi inki yofiira. Makutu onse a akamwini anafiira. Kenako anayankha, mawu amodziamodzi, akudikira kuti ndigwedeze mutu asanapitirire. Sindinamve zonse. Ndinamva kuti nawonso anali ndi mantha. Ndinamva kuti mayi awo anamwalira, ndipo anatchula zaka ziwiri. Mawu otsiriza sindinawadziwe, ndiye ndinatembenukira kwa mwana wanga n'kumuuza kuti awa okha andimasulire, ndipo asawonjezere mchere.

"Akuti tikhala," anatero, misozi ikugwera mumpunga.

Tsopano panatsala kudya. Musaganize kuti zinali zophweka. Ndinatapa mpunga ndi supuni, n'kuuika m'kamwa, mwamuna wa mwana wanga akundiona. Unakana kutsika. Thukuta linali kamukamu nthawi yozizira. Akamwini anathira madzi m'kapu n'kundisunthira. Ndinamwa, mpunga unatsika. Ndinatapanso.

Ndili pa supuni yachitatu ndinamva chitseko cha kuchipinda cha alendo chikutsekedwa. Alamu anadutsa pakhonde, dengu lawo lopanda kanthu lili kumutu, kachikwama m'khwapa. Anaima pakhomo la pabalaza, osalowa, nkhope atalozetsa kumbali chifukwa cha akamwini.

"Ndapita, mlamu," anatero. "Mutsale ndi mwambo wanu watsopano."

Mwana wanga anadzuka. "Ankhazi, chonde!"

Alamu sanatembenuke. Anatsika masitepe n'kulunjika kumsewu kukadikira minibasi.

Kuno mlendo sachoka yekha. Ngakhale mwayambana, umamuperekeza mpaka pamsewu, n'kumunyamulira katundu, ndipo nthawi zambiri mkangano umathera panjira pomwepo. Zaka zonse alamu akabwera ndinkawaperekeza, n'kuima nawo mpaka galimoto ipezeke. Ndinadziwa kuti akuyenda pang'onopang'ono dala, akumvetsera mapazi anga kumbuyo. Thupi langa linali litayamba kale kudzuka. Koma akamwini anali akundiyang'ana, supuni ili m'mwamba, osadziwa chimene chikuchitika, ndipo ndinaona kuti ndikangochoka pampando uwu, kwa iwo ndathawanso kachinayi.

Ndinamuuza mwana wanga kuti athamange akawaperekeze azakhali ake. Ine ndinatsala. Tinadya awiriwiri, ine ndi akamwini, popanda womasulira, mpaka mbale zinayera. Pa zenera ndinaona minibasi itaima, dengu likukwezedwa, chitseko chikutsekedwa.

Mwana wanga ndi akamwini anakhala sabata zina ziwiri. Ku Chelinda anapitako tsiku limodzi lokha, ndipo ananditenga. Kuyambira pamenepo abwera kangapo, onse awiri, ndipo ulendo wathawu anabwera atatu.

Alamu anga sanapondenso pakhomo panga. Ndinapita ku Mlowe kawiri ndi nkhuku kukapepesa. Anandilandira, anandiphikira, anandiyalira mphasa, anandiperekeza mpaka pamsewu. Pa maliro ndi pa maukwati timapatsana moni. Nsomba amatumizabe, amapatsira kondakitala wa minibasi kuti azisiye patiyirumu paja, ine n'kukazitenga.